Tala, mapeva, konkire kapena giravelo: msewu wotchipa ndi uti tikawerenga zaka 20?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa m'komboni ina ya mumzinda wa Chipata, amene ndi wapampando wa komiti ya chitukuko ya wadi yawo. Alemba motere:

"A injiniya, kwathu kuno kuli msewu wa makilomita awiri wochokera ku tala kupita ku kiliniki, ndipo umadutsa pamsika. Mbali ina ndi chitunda, mbali ina ndi chidikha chimene chimakathera m'dambo. Tathiramo giravelo kawiri m'zaka zisanu, koma dzinja lililonse madzi amakokolola, ndipo m'chilimwe fumbi limafika mpaka m'ndiwo za pamsika. Tsopano tikufuna kupempha ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha dera la phungu. Ena m'komiti akufuna tala, ena akufuna mapeva (njerwa za simenti zoyala pansi), akuluakulu akuti tithirenso giravelo popeza ndi yotchipa, ndipo mwana wanga wa ku koleji akuti konkire ndi yolimba koma simenti imawononga chilengedwe. Takangana misonkhano itatu. Kodi ilipo njira yoyezera zinthu zimenezi, kuti asapambane amene ali ndi mawu aakulu?"

Mayi Wapampando, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo musade nkhawa ndi mkanganowo, pakuti ngakhale ife a ntchito ya misewu timakangana nkhani yomweyi m'maofesi. Pa anthu onse amene mwawatchula palibe amene walakwa kotheratu. Aliyense wagwira mbali imodzi ya chilungamo, ndipo chimene chikusowa ndi muyeso umodzi woti nonse muugwirizane. Muyesowo ulipo. M'mabuku a Chingerezi amautcha life cycle assessment, ndipo malamulo ake analembedwa m'miyeso ya padziko lonse ya ISO 14040 ndi ISO 14044, koma nzeru yake mumaidziwa kale. Munthu amene akusankha pakati pa denga la udzu ndi la malata sayang'ana ndalama za chaka choyamba zokha, amawerengeranso kuti udzu adzafoleranso kangati, adzaumweta kuti dambo likadzatha, ndiponso kuti mphepo ikadzasasula malata adzapeza ndani wowakhomera. Msewu timauwerengera chimodzimodzi, kuyambira pa dzenje lokumbamo miyala, kupyola pa kunyamula, kumanga ndi kukonzanso, mpaka tsiku limene udzagumulidwe, ndipo pa sitepe iliyonse timafunsa ndalama zimene zapita, mafuta ndi nthaka zimene zatha, komanso zimene anthu okhala m'mbali mwake apindula kapena avutika nazo.

Chinthu choyamba ndi kuyerekeza zofanana. Kontrakitala wina akakupatsani mtengo wa giravelo, wina wa tala, simunayerekeze kanthu, chifukwa wina akugulitsani zaka zitatu pomwe wina akugulitsani zaka khumi. Tengani kilomita imodzi, mulifupi mamita 6, magalimoto omwewo, zaka 20, ndiyeno funsani kuti mtundu uliwonse wa msewu udzadya chiyani kuti ukhale wodutsika nthawi yonseyo. Ziwerengero zimene ndipereke m'munsimu ndi za kilomita yotereyi, ndipo mungathe kuzibwereza nokha pa pepala.

Ndiyambe ndi giravelo, popeza ndi imene mukuidziwa. Kuti muyale masentimita 15 pa kilomita imodzi pamafunika makiyubiki mita 900 atatsindiridwa kale, ndipo popeza dothi lokumbidwa limafufuma, ma tipa a makiyubiki khumi adzayenda maulendo opitirira 100. Pa malo athyathyathya giravelo yabwino imatha masentimita awiri kapena atatu pa chaka, ina kuuluka ngati fumbi, ina kukankhidwira m'mbali ndi matayala, ina kutengedwa ndi madzi, choncho pakapita zaka zinayi kapena zisanu imafuna kuthiridwanso. Pa chitunda zimafulumira kwambiri, ndipo n'chifukwa chake malangizo a misewu ya kumidzi saloleza giravelo pamene msewu ukukwera kupitirira mamita 6 pa mamita 100 alionse m'dera la mvula yambiri. Inu mwathira kawiri m'zaka zisanu. Mukapitiriza motero, m'zaka 20 mudzathira kasanu ndi katatu, kutanthauza maulendo a ma tipa oposa 800 pa kilomita imodzi, osawerengera giredala yobwera kudzapala chaka ndi chaka. Akuluakulu a m'komiti yanu akunena zoona kuti giravelo ndi yotchipa pa tsiku logula, koma afunseni modekha ngati anaphatikizapo kale ndalama za maulendo awiri apitawo.

Pali chinanso chimene anthu ambiri sachiganizira: giravelo siphukanso. Pamene ndinkayamba ntchito, tinkapeza giravelo yofiira yabwino pafupi ndi msewu umene tikukonza, koma masiku ano kuzungulira matauni athu maenje apafupi anatha kapena anthu anamangapo nyumba, ndipo tipa imayenda mtunda wautali, moti mtengo wa dizilo umaposa mtengo wa dothi lenilenilo. Dzenje lililonse losiyidwa losakwirira limasanduka chithaphwi cha udzudzu m'dzinja, ndipo ana amakasambira m'menemo, ena osabwerako. Munda umene unali pamenepo subwereranso. Onjezani fumbi limene amayi a pamsika ndi odwala a ku kiliniki amapuma kuyambira Meyi mpaka Novembala, mudzaona kuti msewu umene umaoneka ngati wachilengedwe kuposa yonse ndi umene ungadye nthaka yambiri. Sindikunyoza giravelo ayi. Pa msewu wa kumudzi wathyathyathya, wodutsa magalimoto ochepa, pamene dzenje lili pafupi, giravelo ikadali chisankho chanzeru. Chitunda cha m'tauni ndi nkhani ina.

Za tala, muyenera kudziwa kuti mawu amodziwa timatchulira zinthu ziwiri zosiyana. Pali tala yokhuthala, imene miyala ndi phula zimaphikidwa pamodzi m'makina pa kutentha kwa madigiri 150 mpaka 170 n'kuyalidwa zikadali zotentha, monga imene mumaiona pa msewu waukulu wa Great East kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami. Palinso tala yopyapyala, imene amapopera phula pansi n'kuwaza miyala ing'onoing'ono pamwamba, kawirikawiri kawiri. Yokhuthalayo, ikakhala masentimita 4, imafuna matani pafupifupi 570 pa kilomita yathu ija, ndipo phula lokha limakwana matani ngati 30. Yopyapyalayo imafuna phula lochepera matani 20, ndipo safunika makina ophikira. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwa inu, chifukwa phula timaitanitsa kunja ndipo mtengo wake umatsatira dola, komanso palibe kontrakitala amene angakokere makina ophikira tala pa ntchito ya makilomita awiri popanda kukulipiritsani ulendo wonsewo, pokhapokha ngati makinawo ali kale pafupi chifukwa cha ntchito ina.

Chimene ndikufuna komiti yanu imvetse bwino ndi chakuti tala yopyapyala sinyamula katundu. Chonyamula lole ndi dothi ndi miyala zotsindiridwa zimene zili pansi pake, ndipo tala ntchito yake ndi ya denga, kuletsa madzi kulowa ndi kuletsa matayala kupala. Dzuwa lathu limaumitsa phula pang'onopang'ono mpaka limayamba ming'alu, ndipo pakapita zaka 7 mpaka 10 pamafunika kupoperanso phula lina pamwamba msewu usanayambe maenje. Zikachitika pa nthawi yake, msewu umatha zaka 20 ndi kupitirira, ndipo pa ndalama ndi pa chilengedwe pomwe kawirikawiri umapambana mitundu ina pa misewu ya magalimoto ochepa. Zikalephereka, madzi amalowa m'ming'alu, pansi pamafewa, ndipo m'madzinja awiri kapena atatu mumakhala ndi msewu woipa kuposa wa giravelo, chifukwa giredala singapale maenje a tala. Aliyense amene anayendapo pa msewu wa ku Lundazi m'zaka zimene unali utakumbika akudziwa chimene ndikunena, madalaivala kusiya tala n'kumayenda m'mphepete.

Pali mtundu wina wa tala yopyapyala umene ndimaukonda, wotchedwa Otta seal, umene unayambira m'chigwa cha Otta ku Norway m'zaka za m'ma 1960 ndipo wagwiritsidwa ntchito kwambiri ku Botswana. Ubwino wake ndi wakuti m'malo mwa miyala ya kwale yosefedwa bwino, umalola giravelo yachilengedwe yosefedwa pang'ono, ndi phula lofewa limene limachedwa kuuma. Miyezi yoyamba umaoneka ngati wa fumbi ndipo anthu amadandaula kuti awabera, koma ukakhazikika umakhalitsa kuposa tala yopyapyala wamba. Malangizo a SADC a 2003 okhudza misewu ya tala ya magalimoto ochepa amalimbikitsa njira zotere, zogwiritsa ntchito zimene zili pafupi. Koma pamsika penipeni tala ya mtundu uliwonse imavutika, chifukwa dizilo ndi oyilo zodontha pa mabasi ndi malole oima zimasungunula phula, ndipo matayala okhota pang'onopang'ono atasenza katundu amalifinya n'kulikankha.

Tsopano tifike pa mwana wanu, amene ndikuti mumuuze kuti akuwerenga bwino. Simenti imapangidwa pootcha mwala wa laimu m'ng'anjo pa madigiri pafupifupi 1,450, ndipo mpweya wa kaboni umatuluka kawiri, kuchokera ku malasha ootchera komanso kuchokera mu mwala weniweniwo pamene ukusandulika, ndipo gawo la mwalali ndi limene limakula. Tani imodzi ya simenti imatulutsa mpweya wochokera pa theka la tani mpaka pafupifupi tani yathunthu, malinga ndi zimene asakanizamo, ndipo pa tani phula limatulutsa wochepa kuposa pamenepo. Msewu wa konkire wa masentimita 15 ungadye matumba a simenti ngati 6,000 pa kilomita. Mapeva a masentimita 8, amene amalowa 50 pa sikweya mita imodzi, amafunika 300,000 pa kilomita, ndipo simenti yake ndi matumba oposa 3,000. Ndiye pa tsiku lomanga, konkire ndi mapeva zimalemera pa sikelo ya chilengedwe kuposa tala yopyapyala, ndipo pamenepo mnyamatayo wapambana.

Koma mufunseni mafunso awiri. Loyamba, kodi akudziwa kuti msewu wa tala nawonso kawirikawiri umakhala ndi simenti? Kuno kwathu giravelo yambiri siifika mphamvu yofunika pa maziko a pansi pa tala, choncho timaisakaniza ndi simenti pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse, ndipo pa kilomita imodzi amenewo ndi matumba opitirira 1,000. Lachiwiri, kodi mpweyawo akuugawa pa zaka zingati? Konkire yomangidwa bwino imawerengedwa zaka 30 mpaka 40, ndipo mapeva olimba amathanso kufika kumeneko, pomwe tala yosasamalidwa ingafune kumangidwanso kawiri m'nthawi yomweyo, ulendo uliwonse ndi simenti yake, phula lake, ndi dizilo yake. Ziwerengero zambiri zimene ophunzira amapeza pa intaneti zinachokera ku Ulaya ndi ku America, kumene kwale ili pafupi ndipo misewu imakonzedwa pa nthawi yake, ndiye sizingangotengedwa n'kuikidwa pa Chipata. Ngakhale nkhani ya mtunda imasokoneza. Anthu amaopa kuti simenti imachokera kutali, ku Chilanga kapena ku Ndola, ndipo ndi zoona kuti kuchokera ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, koma simenti ya mapeva a kilomita imodzi imakwana m'malole asanu ndi limodzi okha. Zolemera zenizeni ndi miyala, mchenga ndi giravelo, zimene zimayenda maulendo mazanamazana, choncho funso la mtunda wa ku kwale limalemera kuposa funso la mtunda wa ku fakitale.

Konkire yothira ndi yabwino pa malo okwera kwambiri ndi pamene madzi amadutsa pamwamba pa msewu, koma siikhululuka. Ikapanda kuthiriridwa madzi masiku ake oyamba, kapena mipata yolumikizira ikadulidwa mochedwa, imang'ambika, ndipo kuikonza n'kovuta. Vuto lina la m'komboni ndi mapaipi. Tsiku limene paipi ya madzi idzaphulike pansi pake, a kampani ya madzi adzaswa ndi nyundo, ndipo chigamba chake sichidzafanana ndi poyamba. Mapeva pamenepa ndi amene amandikopa: mumazula, mumakonza paipi, mumatsindira, n'kubwezera njerwa zomwezo, ndipo anyamata a m'dera lanu angachite zimenezi ndi wilibala, fosholo ndi kamakina kotsindirira, osadikira phula lochokera kunja. Ndalama zambiri za ntchito ya mapeva zimatsalira m'manja mwa oumba ndi oyala a komweko, ndipo imeneyi ndi mbali ya anthu imene muyeso wabwino suyenera kuiiwala. Nzeru yomweyi ndi imene inali kumbuyo kwa ndondomeko ya Pave Zambia 2000 m'nthawi ya boma la malemu Michael Sata, yofuna kuyala makilomita 2,000 a misewu ya m'matauni ndi mapeva. Siinafike pamene inalonjeza.

Ngozi za mapeva ziliponso, ndipo ndaziona ndi maso anga. Yaikulu ndi woumba amene amatalikitsa thumba la simenti kuti litulutse njerwa zambiri, monga amachitira ena ndi mabuloko a nyumba. Peva yotere imaoneka bwino pa tsiku lotsegulira, koma ikapita chaka imanyenyeka m'makona. Ina ndi kusowa kwa tizipupa ta konkire ta m'mbali, timene amisiri amati makebu, chifukwa mapeva amagwirana pokanikizana, ndipo m'mbali mukamasuka onse amayamba kuyenda. Pa chitunda pamafunikanso mizere ya konkire yopingasa msewu pa mtunda uliwonse, yoletsa njerwa kutsetserekera kumunsi. Ndipo funsani kumene mchenga udzachokere, pakuti kukumba mchenga m'mitsinje yozungulira tauni kwagumula kale magombe ambiri, ndipo fumbi la kwale lingalowe m'malo mwa gawo lalikulu la mchengawo.

Musanasankhe chilichonse, werengani magalimoto, ndipo werengani malole makamaka. Pa mayeso otchuka a misewu amene anachitika ku Ottawa, m'chigawo cha Illinois ku America, kuyambira 1958 mpaka 1960, kunapezeka kuti kulemera kosenzedwa ndi ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri, kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Tanthauzo lake ndi lakuti njinga zonyamula anthu, njinga zamoto ndi matakisi amene amadzaza msewu wanu tsiku lonse sauwononga kwenikweni, koma lole imodzi yodzaza mopitirira ndi chimanga kapena feteleza imachita zimene magalimoto ang'onoang'ono zikwi zambiri sangachite. Musawerenge mu Febuluwale msewu uli matope. Werengani sabata yathunthu m'nyengo yogulitsa mbewu, cha mu Julayi, pamene soya, mtedza ndi chimanga zikuyenda, ndipo kumbukirani kuti msewu ukakonzedwa umaitana alendo, kuphatikizapo ma tipa a mchenga amene adzaupeza kuti ndi chidule.

Kuchuluka kwa magalimoto kumasinthanso kumene kulemera kwa muyeso kuli. Pa msewu ngati Great East, mafuta amene magalimoto amatentha m'zaka 20 amaposa kutali mafuta onse omangira, moti msewu ukangokhala wosalala pang'ono, phindu lake pa dizilo, matayala ndi masipuling'i limabweza mtengo wa tala yokhuthala, ndipo pulogalamu ya pakompyuta ya HDM-4, imene mainjiniya amagwiritsa ntchito poyerekeza misewu ikuluikulu, imawerengera zimenezi. Pa msewu wanu magalimoto ndi ochepa, choncho cholemera ndi zomangira ndi kukonzanso. N'chifukwa chake kukopera mamangidwe a msewu waukulu n'kuwaika m'komboni kumakhala kuwononga, ngakhale kumasangalatsa maso.

Koma kalata yanu, ndikaiwerenga bwino, ikunena za madzi kuposa china chilichonse. Chipata yazunguliridwa ndi mapiri, ndipo mvula ya mamilimita pafupifupi 1,000 pa chaka imagwa m'miyezi isanu yokha, nthawi zambiri mwamkokomo. Malata ndi mabwalo a simenti akuchuluka m'makomboni, madzi amene kale ankalowa pansi tsopano amathamangira mumsewu, ndipo msewu wopanda ngalande ndiwo umasanduka ngalande. Giravelo yanu siinathe chifukwa inali yoipa, inatengedwa ndi mtsinje umene munaiyala pamwamba pake. Zaka zapitazo ndinayang'anira ntchito m'boma lina la chigawo chino, pamene ndalama zinachepa pakati pa ntchito, ndipo akuluakulu anasankha kumaliza tala yonse n'kusiya ngalande za konkire kuti zidzachitike mtsogolo. Ndinatsutsa m'kalata, koma sindinalimbikire mokwanira, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Madzinja awiri atapita, madzi anali atadya m'mbali mpaka magalimoto awiri sankatha kudutsana, ndipo ndalama zokonzera zinaposa zimene tinkati tapulumutsa. Msewu uyenera kukhala ndi msana pakati kuti madzi atsikire m'mbali, msanawo ukhale pamwamba pa pansi pa ngalande masentimita osachepera 75, ngalande za pa chitunda zikhale zowaka, ndipo madziwo akhale ndi kokathera kosakhala pakhomo pa munthu. Kudambo kuja yembekezerani dothi la makande, limene limafufuma likanyowa n'kung'ambika likauma, ndipo limathyola tala ndi konkire mofanana. Pamenepo msewu umafunika kuukweza ndi dothi labwino ndi kuikamo makalavati okwanira odutsitsa madzi pansi pa msewu, ndipo ndi bwino kuusiya dzinja limodzi kuti ukhazikike musanaike chilichonse chodula pamwamba.

Chimene chimasankha wopambana pa mawerengero onsewa ndi funso limene komiti yanu yokha ingayankhe moona mtima: adzakonza ndani, ndi ndalama ziti? Mu 1988 Banki Yaikulu ya Padziko Lonse inafalitsa lipoti loti mayiko osauka 85 anataya misewu ya mtengo wa madola 45 biliyoni, imene ikanapulumuka ndi madola 12 biliyoni okha a chisamaliro. Pa pepala n'kosavuta kulemba kuti chaka chachisanu ndi chitatu tidzapoperanso phula, ndipo akatswiri a zachuma ali ndi kawerengedwe kamene kamachepetsa ndalama za mtsogolo poziyerekeza ndi za lero, kamene kamapangitsa chisamaliro cha mtsogolo kuoneka chopepuka. Ine ndimapempha kuti mawerengero achitike kawiri, koyamba ngati kuti zonse zidzakonzedwa pa nthawi yake, kachiwiri ngati kuti palibe chidzachitike koposa kuchotsa zinyalala m'ngalande ndi kumata tizigamba. Mtundu umene ukuonekabe bwino pa mawerengero achiwiri ndi umene ndimaukhulupirira. CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 ndipo yakhala ikukwerabe, koma ndi ya dera lonse la phungu, ndipo imagawidwa ndi makalasi, zipatala, mijigo ndi mabasale. Wadi imene yalandira msewu chaka chino siiyembekezera kulandiranso posachedwa.

Mukanandifunsa maganizo anga popanda kuuona msewuwo, ndikanati musafune mtundu umodzi pa makilomita onse awiri. Ndalama zoyamba zipite ku ngalande ndi makalavati a msewu wonse. Pa chitunda ndi pamsika yalani mapeva a masentimita 8 ndi makebu ake, chifukwa ndi pamene giravelo imakokoloka, tala imasungunuka ndi dizilo, ndipo mapaipi ndi ambiri. Pachidikha, ngati ndalama zatsala ndipo khonsolo ikulonjeza polemba kuti idzaika msewuwo pa ndondomeko yopoperanso phula, ikani tala yopyapyala, ndipo ngati sichoncho, giravelo yokwezedwa bwino ya msana wake idzakutumikirani kufikira gawo lachiwiri la mapeva. Ena m'komiti adzati msewu wa zigawozigawo ndi wochititsa manyazi, ndipo pa tsiku lodula riboni sudzaoneka bwino pa chithunzi. Ine ndingasankhe mamita 700 amene ambulansi idzakwerabe patapita zaka 15 kusiyana ndi makilomita awiri akuda bii amene adzakhale a maenje khansala wina asanasankhidwe.

Pali zinthu zimene simuyenera kuchita nokha. Pitani ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo mukafunse kaye ngati msewuwo uli m'manja mwawo, pakuti pansi pa lamulo la misewu la 2002 misewu yonse ya boma imayang'aniridwa ndi Road Development Agency, imene imapatsa makhonsolo udindo pa misewu ya m'matauni ndi ya kumidzi, ndipo bungweli lili ndi ofesi ya chigawo mu Chipata momwemo. Pemphani kuti dothi liyezedwe ndi kachitsulo kokhomera pansi kotchedwa DCP, m'malo angapo, makamaka kumapeto kwa dzinja pamene nthaka ili yofewa, ndiponso kuti giravelo ya m'dzenje ikayezedwe ku labotale isanathiridwe. Mapulani asainidwe ndi injiniya wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia, kontrakitala akhale ndi satifiketi ya National Council for Construction, ndipo mu mgwirizano mulembedwe kuti mapeva otengedwa mwachisawawa pa mulu adzaphwanyidwa pa makina oyezera mphamvu, komanso kuti gawo la malipiro lidzasungidwa mpaka msewu utaona dzinja limodzi. Dzenje la giravelo likhale ndi chilolezo chogwirizana ndi malamulo a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, ndi a mfumu ya malowo, ndipo kulikwirira kukhale ndi mzere wakewake pa mtengo wa ntchito, osati lonjezo la pakamwa. Mukaona ming'alu yaitali yotsata msewu cha kudambo, kapena madzi otumphuka pansi pa chitunda ngakhale m'chilimwe, musalole ntchito kuyamba injiniya asanafike pamalopo.

Ntchito imodzi ndikupatsani inu ndi mwana wanu, imene palibe injiniya wochokera kutali angaichite bwino kuposa inu. Mvula yaikulu yoyamba ikadzagwa, tengani ambulera ndi foni, muyende msewu wonse madzi akadali kuthamanga, mujambule pamene akulowera mumsewu, pamene akudumpha, ndi makomo amene akusefukira, ndipo mukhome zikhomo pamene afika. Zithunzizo ndi kaundula wa malole wa mu Julayi muzipite nazo ku khonsolo pamodzi ndi pempho lanu.